Galu akamangodzikanda: mmene mungapezere chomuyabwitsa ndi kumuthandiza

Galu aliyense amadzikanda mwa apo ndi apo, ndipo zimenezo si zodetsa nkhawa. Vuto limakhalapo pamene galu akulekeza chakudya panjira kuti adzikande, akudzuka usiku n'kumadziluma patsinde pa mchira, akunyambita mapazi mpaka ubweya kusanduka wofiirira, kapena akudzikwecha pakhoma mpaka khungu kusupuka. Kuyabwa kotereku si matenda paokha koma chizindikiro chabe, ndipo zimene zimakuyambitsa ndi zambiri, ngakhale kuti m'maso zimaoneka zofanana. N'chifukwa chake eni agalu ambiri amatha miyezi akusinthasintha sopo, chakudya ndi mafuta odzola popanda phindu lililonse. Madokotala a ziweto amayamba ndi zoyambitsa zofala ndiponso zosavuta kuchiza, kenako n'kumazichotsa chimodzichimodzi mpaka patatsala chenichenicho. Malangizo otsatirawa atsata dongosolo lomwelo, ndipo ndi bwino kuti musalumphe gawo lililonse, ngakhale limene mukuganiza kuti silikukhudza galu wanu.

Gawo loyamba: onani ngati m'pofunika changu

Galu amene watupa nkhope, milomo kapena zikope mwadzidzidzi, amene watuluka ziwengo thupi lonse m'kanthawi kochepa, kapena amene akubanika, kusanza ndi kufooka atalumidwa ndi njuchi, atabayidwa jakisoni kapena atamwa mankhwala, ayenera kufika kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso galu amene zilonda zake zikutuluka mafinya ambiri, amene wasiya kudya, kapena amene akuyenda atapendeketsa mutu ndi kudzandira. Ngati zonsezi palibe, muli ndi nthawi yofufuza modekha.

Gawo lachiwiri: mupendeni galuyo ndipo mulembe zimene mwaona

Muikeni galu pamalo owala bwino, ndipo muyambire kumutu mpaka kumchira mukupatula ubweya ndi zala kuti muone khungu lenilenilo. Yang'anani m'makutu, kuzungulira maso ndi pakamwa, m'khwapa, pamimba, m'mphechepeche, pakati pa zala za mapazi ndi kunsi kwa mchira. Nunkhizaninso, chifukwa fungo limanena zambiri.

Malo amene galu akuyabwa kwambiri ndiwo mboni yoyamba. Kuyabwa kwa kumapeto kwa msana, patsinde pa mchira ndi kumbuyo kwa ntchafu kumaloza utitiri. Kuyabwa kwa m'mphepete mwa makutu, pazigongono ndi pamimba, makamaka kukakhala kosalola galu kugona, kumaloza mphere. Kuyabwa kwa mapazi, nkhope, makutu ndi m'khwapa kumaloza kuti pali chinthu chimene chikumuwenga, kaya m'chakudya kaya pamalo amene akukhala. Galu amene akukhuta matako pansi nthawi zambiri amakhala kuti timatumba tiwiri ta m'mbali mwa kotulukira chimbudzi tadzaza, kapena ali ndi njoka za m'mimba, ndipo vuto limenelo si la khungu kwenikweni.

Tengani kope ndipo mulembe tsiku limene vutoli linayamba, msinkhu wa galu panthawiyo, chakudya chonse chimene amadya, mankhwala amene wapatsidwapo, ndiponso ngati ziweto zina kapena anthu a m'nyumbamo akuyabwanso. Tsiku lililonse muzipereka malikisi a kuyabwako kuyambira 0 mpaka 10, pomwe 0 ndi galu wabwinobwino ndipo 10 ndi galu amene sakuleka kudzikanda ngakhale mukumuitana kapena kumupatsa chakudya. Ntchito yolembayi imaoneka yachibwana, koma pakatha masabata 6 palibe amene amakumbukira bwino mmene galu analili pachiyambi, ndipo popanda kope simungadziwe ngati chithandizo chikugwira. Jambulaninso malo odwalawo ndi foni kamodzi pa sabata.

Gawo lachitatu: thanani ndi utitiri, ngakhale simunauone

Apa m'pamene eni agalu ambiri amatsutsa, ponena kuti galu wawo ndi waukhondo ndipo sanamuonepo ndi kachilombo. Zoona zake n'zakuti galu amene malovu a utitiri amamuwenga safunika kulumidwa kambiri kuti avutike masiku angapo, komanso galu wotere amadziluma ndi kudzinyambita kwambiri moti utitiri wochepa umene ali nawo amaumeza inu musanauone.

Kuti mufufuze, muimikeni galu papepala loyera kapena pansalu yoyera, kenako mumupese kumsana ndi patsinde pa mchira ndi chipeso cha mano othinana. Tinthu takuda tooneka ngati dothi timene tigwe mutidonthezere madzi. Dothi lenileni limangokhala lakuda, koma zitosi za utitiri zimasungunuka n'kusiya banga lofiirira, popeza ndi magazi a galu amene utitiriwo unayamwa. Mukapeza banga limeneli mwapeza umboni, koma mukapanda kulipeza musaganize kuti nkhani ya utitiri yatha.

Utitiri umene umapezeka kwambiri pa agalu ndi wa mtundu wa Ctenocephalides felis, womwenso umakhala pa amphaka. Waukazi umatha kuikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku, ndipo mazirawo sakhala pagalu koma amagwera pogona pake, m'ming'alu ya pansi, m'makapeti ndi m'dothi la pamthunzi. Kumeneko amaswa timphutsi, timene timadzikulunga m'zikwa, ndipo m'chikwa kachilomboka kangathe kudikira miyezi ingapo mankhwala osakafika. Utitiri waukulu umene uli pagalu ndi pafupifupi magawo 5 okha mwa magawo 100 a utitiri wonse wa pakhomopo. Otsalawo ndi mazira, mphutsi ndi zikwa. Choncho kumusambitsa galu ndi sopo wopha utitiri kumangopha umene ulipo tsiku limenelo, ndipo mawa lake wina umakwera.

Chofunika ndi mankhwala okhalitsa m'thupi kapena pakhungu. Alipo mapiritsi a gulu la isoxazoline, monga afoxolaner, sarolaner ndi lotilaner amene amaperekedwa mwezi uliwonse, ndi fluralaner amene amagwira ntchito masabata 12. Aliponso odontheza pakhungu la kumbuyo kwa khosi, monga fipronil ndi selamectin. Muyezeni galu pasikelo musanagule, popeza mlingo umatengera kulemera kwake, ndipo werengani msinkhu wochepetsetsa umene walembedwa pa paketi ngati ndi mwana wagalu. Ngati galu wanu anayamba wagwapo khunyu, muuzeni dokotala musanamupatse mapiritsi a isoxazoline, chifukwa bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linachenjeza mu 2018 kuti mankhwalawa angayambitse kunjenjemera ndi kukomoka mwa ziweto zina.

Ziweto zonse za pakhomo zokhala ndi ubweya zilandire chithandizo nthawi imodzi, chilichonse mankhwala oyenera mtundu wake. Pano pali chenjezo limene siliyenera kuiwalika: mankhwala a agalu okhala ndi permethrin amapha amphaka, ndipo mphaka angadwale ngakhale pongogona mogundana ndi galu amene wangodonthezedwa kumene. Zogonera za galu muzizichapa ndi madzi otentha pafupifupi madigiri 60 kamodzi pa sabata, muzisesa kapena kukoka fumbi ndi makina mosamala kunsi kwa mipando ndi m'makona, ndipo zinyalalazo muzizitaya kutali ndi nyumba. Pitirizani zonsezi kwa miyezi yosachepera 3 mosadumphitsa. Popeza galu akameza utitiri angathe kutenga njoka za m'mimba za mtundu wa Dipylidium caninum, mupatseninso mankhwala a njoka zimenezi, makamaka mukaona tizidutswa toyera tosuntha pachimbudzi chake.

Nkhupakupa mukazipeza, zigwireni ndi chopanira pafupi kwambiri ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono osafinya mimba yake. Musaziwotche kapena kuzipaka mafuta.

Gawo lachinayi: ganizirani za mphere

Mphere za agalu zilipo za mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza, chonsecho ndi yosiyana kwambiri. Mtundu woyamba umayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kamene kamaboola khungu n'kumaikira mazira mkati mwake. Kuyabwa kwake n'koopsa, kumapatsirana msanga pakati pa agalu, ndipo anthu a m'nyumbamo angathe kutuluka nsungu zoyabwa m'manja ndi pamimba, zomwe kawirikawiri zimatha galu akachira. Yesani kutikita m'mphepete mwa khutu la galu pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Agalu ambiri odwala mphere zimenezi amayamba kupalasa mwendo wakumbuyo ngati akudzikanda. Chimenechi si chitsimikizo, koma ndi chifukwa chokwanira chopitira kwa dokotala. Dokotalayo amapala khungu pang'ono n'kuyang'ana pa maikulosikopu, komabe kachilomboka kamabisala kwambiri moti kawirikawiri sikaoneka, ndipo dokotala wanzeru amapereka mankhwala pongotengera zizindikiro.

Mtundu wachiwiri umayamba ndi Demodex canis, kachilombo kamene kamakhala m'timaenje ta ubweya wa agalu ambiri popanda vuto, ndipo ana agalu amakatenga kwa mayi wawo m'masiku oyambirira akubadwa. Kamachulukana chitetezo cha m'thupi chikafooka. Ubweya umathothoka mozungulira maso, pakamwa ndi m'miyendo yakutsogolo, koma galu sayabwa kwambiri pokhapokha mabakiteriya atalowerera. Mphere zimenezi sizipatsira anthu. Zikagwira galu wamkulu amene sanadwalepo, pamafunika kufufuza matenda ena amkati amene afooketsa thupi lake.

Chosangalatsa n'chakuti mapiritsi a isoxazoline amene tawatchula aja amaphanso tizilombo ta mitundu yonse iwiri, choncho kuwasankha pa gawo lachitatu kumathetsa mavuto awiri pakamodzi. Ivermectin amagwiranso ntchito, koma musamugwiritse ntchito mongoyerekeza mlingo, makamaka amene anapangidwira ng'ombe. Agalu a mtundu wa Collie, Shetland Sheepdog, Australian Shepherd ndi ena obadwa kwa iwo amatha kukhala ndi chilema cha chibadwa chotchedwa MDR1, chimene chimalola mankhwalawa kulowa mu ubongo n'kuwakomola kapena kuwapha.

Malo ozungulira othothoka ubweya, okhala ndi timamba m'mbali, angakhalenso chipere. Chimenechi chimayamba ndi fangayi (tamoyo ta gulu la bowa), chimapatsira anthu makamaka ana, ndipo mankhwala a tizilombo sachithetsa. Valani magolovesi pomugwira galu wotere mpaka atayezedwa.

Gawo lachisanu: chizani zimene zakwera pamwamba pa vutolo

Khungu lokandidwa limatsegula njira kwa mabakiteriya ndi yisiti (mtundu wa fangayi) amene amakhala kale pathupi la galu, ndipo iwo akachulukana amawonjezera kuyabwa, galu n'kumadzikanda koposa, khungu n'kumawonongekabe. Mabakiteriya, makamaka Staphylococcus pseudintermedius, amaoneka ngati nsungu zamafinya, nkhanambo, ndi timabwalo ta khungu lofunduka pamimba. Yisiti ya Malassezia imachititsa khungu kukhala lamafutamafuta, lonunkha chiwawasa, ndipo pakapita nthawi limada ndi kukhuthala ngati la njovu. Mukapanda kuchiza zimenezi, simungadziwe kukula kwenikweni kwa vuto loyamba lija, chifukwa galu adzapitirizabe kuyabwa ngakhale choyambitsacho chitachoka.

Chithandizo choyambira ndi shampu ya agalu yokhala ndi chlorhexidine, ndipo ngati pali yisiti ikhalenso ndi miconazole kapena ketoconazole. Munyowetseni galu ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, popeza kutentha kumawonjezera kuyabwa. Yambani kupaka pamalo odwala kwambiri, tikitani mpaka thovu lifike pakhungu, ndipo mulisiye kwa mphindi 10 zathunthu mukuyang'ana pawotchi. Anthu ambiri amatsukuluza patangotha mphindi ziwiri, kenako n'kunena kuti shampuyo ndi yachabe. Tsukuluzani ndi madzi ambiri, mupukuteni bwino m'khwapa ndi pakati pa zala, ndipo muzibwereza kawiri pa sabata kapena monga dokotala wanenera. Sopo wa anthu ndi wochapira zovala asagwiritsidwe ntchito, chifukwa khungu la galu ndi lopyapyala kuposa lathu ndipo sopo wotere amachotsa mafuta oliteteza. Matenda akazama, dokotala amapereka maantibayotiki a kwa masabata angapo, ndipo ayenera kumwedwa mpaka kumapeto ngakhale khungu litaoneka lopola.

Pali chilonda china chimene chimabuka m'maola ochepa, chonyowa, chofiira ndi chowawa, kawirikawiri patsaya kapena pantchafu ya galu wa ubweya wambiri. Metani ubweya mozungulira mpaka mufike pakhungu labwino kuti mpweya uzifikapo, tsukani ndi chlorhexidine wosungunula malinga ndi malangizo a pabotolo kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo muvekeni galu kolala yotambalala ya pulasitiki yomuletsa kufikapo ndi pakamwa. Ngakhale galu wofatsa amaluma akamva ululu, choncho mumange pakamwa kapena ntchitoyo muisiyire dokotala.

Makutu asaiwalike. Galu amene akupukusa mutu, makutu ake akununkha kapena kutuluka phula lakuda, aonedwe ndi dokotala musanathiremo kalikonse, chifukwa mankhwala ena amagonthetsa galu ngati nembanemba ya mkati yabooka. Musalowetse timitengo ta thonje mkati mwa khutu.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: zimene simuyenera kupaka kapena kumwetsa

Oilo wakale wa galimoto, palafini, dizilo ndi mankhwala opopera mbewu sachiza mphere. Amawotcha khungu, ndipo galu akanyambita amawonongeka chiwindi, impso ndi mitsempha. Dibi wa ng'ombe wosakanizidwa mongoganizira wapha agalu ambiri. Mafuta a tea tree osasungunula ndi poizoni kwa galu. Ibuprofen amaboola chifu ndi kuwononga impso zake, ndipo paracetamol asaperekedwe popanda dokotala. Mafuta a anthu okhala ndi steroid amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma pa Demodex ndi pa chipere amakulitsa matenda. Mapiritsi a ziwengo a anthu, amene ambiri amawadalira, amathandiza agalu ochepa kwambiri, ndipo ena amasakanizidwa ndi mankhwala a chimfine amene ndi oopsa kwa galu.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: yesani chakudya

Mukaonetsetsa kuti utitiri ndi mphere zathetsedwa, khungu lapola, koma galu akuyabwabe chaka chonse, nthawi yoyesa chakudya yakwana. Zimene zimawenga agalu kawirikawiri ndi mapuloteni, makamaka nyama ya ng'ombe, mkaka ndi nkhuku, ndipo tirigu amabwera pambuyo pa zimenezi. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti chakudya chowenga nthawi zambiri si chatsopano koma chimene galu wakhala akudya kwa miyezi kapena zaka. Agalu ena otere amatsegulanso m'mimba kapena kuchita chimbudzi kangapo pa tsiku.

Kuyeza magazi, malovu kapena ubweya sikudalirika pa nkhani ya chakudya, ndipo ndalama zake ndi bwino kuzisunga. Njira yodalirika ndi yomudyetsa galu chakudya chimodzi chokha kwa masabata 8: kaya chapadera chimene mapuloteni ake anaphwanyidwa kukhala tizidutswa tating'ono kwambiri moti thupi silitizindikira, kaya chophika nokha cha nyama imodzi ndi chokhutitsa chimodzi (monga mbatata) zimene galuyo sanadyepo chibadwire. Pa masabata amenewa asalawe china chilichonse kupatula madzi, kutanthauza kuti palibe mafupa, makombo a patebulo, chakudya cha mphaka, kapena mapiritsi onunkhira nyama. Kuvuta kwa gawoli sikukhala pa galu koma pa anthu, popeza m'nyumba iliyonse mumakhala wachifundo mmodzi amene amaponya kanthu pansi ena asakuona, ndipo kanthu kameneko ndi kokwanira kuwononga ntchito yonse. Kambiranani nonse musanayambe. Mwana wagalu amene akukula asaikidwe pa chakudya chophika nokha popanda dokotala, chifukwa mafupa ake amafuna michere yokwanira.

Kuyabwa kukachepa kwambiri, m'bwezereni chakudya chakale chija. Kukabwerera m'masiku 14, kenako n'kuchepanso mutabwerera ku chakudya choyesera, mwatsimikiza kuti vuto ndi chakudya, ndipo mungayambe kuwonjezera zinthu chimodzichimodzi kuti mupeze cholakwacho. Ambiri amakana kubwezera chakudya chakale poopa kumuvutitsa galu, koma mukapanda kutero simungadziwe ngati wachira chifukwa cha chakudya kapena chifukwa nyengo yasintha.

Gawo lachisanu ndi chitatu: zonsezi zikalephera

Chotsala nthawi zambiri chimakhala matenda otchedwa atopic dermatitis, pamene khungu la galu ndi lofooka chibadwire ndipo limawengedwa ndi zinthu za pamalo monga tizilombo tosaoneka ta m'fumbi la m'nyumba, mungu wa udzu ndi mitengo, ndi nkhungu yomera pamalo achinyezi. Amayamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 3, ndipo ndi ofala mwa agalu a mitundu ya Labrador Retriever, Golden Retriever, West Highland White Terrier, French Bulldog, Boxer ndi Shar Pei, ngakhale galu wamtundu uliwonse angadwale. Palibe kuyeza kumodzi kumene kumawatsimikiza; amadziwika pochotsa zina zonse, ndipo n'chifukwa chake magawo am'mbuyomu sanali otaya nthawi.

Matendawa sachizika, koma amalamulirika bwino. Prednisolone amaletsa kuyabwa msanga ndipo ndi wothandiza kwa masiku ochepa vuto likabuka, koma amachititsa galu ludzu, njala ndi kukodza pafupipafupi, ndipo akamwedwa kwa miyezi amafooketsa thupi; sayeneranso kusiyidwa mwadzidzidzi. Oclacitinib, amene amagulitsidwa ndi dzina la Apoquel ndipo anavomerezedwa ku America mu 2013, amayamba kugwira m'maola ochepa ndipo ndi wa agalu amene akwanitsa miyezi 12. Lokivetmab, wodziwika kuti Cytopoint, ndi jakisoni amene amatsekereza puloteni yotumiza uthenga wa kuyabwa, ndipo amagwira masabata 4 mpaka 8. Ciclosporin amachedwa, amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti phindu lake lioneke. Palinso njira yozoloweretsa thupi pomubaya galu pang'onopang'ono zinthu zomwe zimamuwengazo, ndipo apa m'pamene kuyeza khungu kapena magazi kumakhala ndi ntchito, posankha zoika mu jakisoniyo. Njirayi ingatenge chaka chathunthu kuti muone ngati yathandiza.

Kunyumba, muzimusambitsa galu wotere kamodzi pa sabata ndi shampu yofewetsa khungu, muzimupukuta mapazi ndi pamimba ndi nsalu yonyowa akabwera koyenda m'maudzu, ndipo mankhwala a utitiri asaleke chaka chonse, chifukwa kulumidwa pang'ono kumadzutsa vuto lonse. Mafuta a nsomba okhala ndi omega-3 amathandiza pang'ono, ndipo amafuna miyezi iwiri kapena itatu asanaonetse kusintha. Galu wachikulire amene wayamba kudwaladwala khungu, kunenepa, kufooka kapena kumwa madzi ambiri ayezedwe magazi, popeza kufooka kwa chithokomiro ndi matenda a Cushing (kuchuluka kwa homoni ya cortisol m'thupi) zimatsegula njira ya matenda a khungu. Popita kwa dokotala nyamulani kope lija, zithunzi, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwagwiritsapo ntchito, ndipo musamusambitse galu kwa masiku awiri kapena atatu tsikulo lisanafike, kuti zimene dokotala akufuna kupala ndi kuyeza zikapezeke zikadali pakhungu.